Kabuku ka Chimanchu ndi abale ake: pomwe ntchito yafika

Januwale

Ndikulemba kabuku m'Chichewa kofotokoza Chimanchu, chiyankhulo cha Amanchu a kumpoto chakum'mawa kwa China, ndi malo ake pakati pa ziyankhulo za banja la Tungus. Kakhala ndi mitu isanu, mapu amodzi, ndi tebulo lofananitsa mawu. Ndikulembera aphunzitsi ndi ophunzira a zaziyankhulo amene anamvapo kuti akatswiri amatha kutsimikiza chibale cha ziyankhulo, koma sanaonepo ntchitoyo ikuchitika pa banja limodzi lathunthu. Banja la Tungus n'loyenera ntchito yotere chifukwa n'laling'ono, ziyankhulo zake zimangopitirira khumi pang'ono, komabe linamwazikana dera lalikulu zedi: kuyambira ku mtsinje wa Yenisei pakati pa Siberia mpaka ku chilumba cha Sakhalin, ndipo kagulu kena kali kutali kumadzulo, ku Xinjiang, pafupi ndi malire a China ndi Kazakhstan.

Mutu woyamba, wa mbiri, ndaumaliza kuulemba koyamba. Ndayambira pa Ajurchen, makolo a Amanchu, amene analamulira kumpoto kwa China mu ufumu wa Jin kuchokera 1115 mpaka 1234. Iwo anali ndi zilembo zawozawo, zimene Wanyan Xiyin anakonza mu 1119. Munthu akaziona msangamsanga angati n'za Chitchaina, koma Mtchaina sangaziwerenge. Zilembozi zinakhalitsa ufumuwo utagwa kale, ndipo pa chipilala cha mwala cha 1413 chomwe chinaimikidwa ku Tyr, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Amur umathirira m'nyanja, zikupezekapo pamodzi ndi Chitchaina ndi Chimongoli. Pofika nthawi ya Nurhaci, mtsogoleri amene anagwirizanitsa mafuko a Ajurchen, zinali zitaiwalika, ndipo makalata a boma lake ankalembedwa m'Chimongoli. Mu 1599 Nurhaci analamula Erdeni ndi Gagai kuti atenge zilembo za Chimongoli azilembera chiyankhulo cha anthu ake. Zinatheka, koma movutikira, chifukwa chilembo chimodzi chinkaimira t ndi d, china o ndi u, china k, g ndi h. Wodziwa chiyankhulo ankangozindikira yekha mawuwo, koma akakumana ndi dzina la munthu kapena la malo lomwe sanalimvepo ankasowa pogwira. Mu 1632 Dahai anawonjeza timadontho ndi timizere tozungulira pambali pa zilembo, ndiponso zilembo zina zolembera mawu a Chitchaina. Mu 1635 Hong Taiji, mwana wa Nurhaci, analetsa dzina lakuti Jušen, ndiye kuti Jurchen, n'kulamula kuti mtunduwo uzitchedwa Manju. Chaka chotsatira anatcha ufumu wake Qing, mu 1644, iye atamwalira kale, asilikali a ufumuwo analowa mu Beijing, ndipo banja lake linalamulira mpaka 1912.

Ndaikamo ndime yapadera yotsutsa maganizo ofala akuti Amanchu anali anthu oyendayenda ndi ziweto ngati Amongoli. Anthu a Nurhaci ankakhala m'midzi, ankalima, ankaweta nkhumba, ankasaka nyama, ndipo ankagulitsa zikopa ndi mizu ya ginseng. Izi zidzafunika mtsogolo pofotokoza chifukwa chake mawu awo ambiri amasiyana ndi a Aevenki, oweta mphalapala za kumadera ozizira.

Febuluwale

Mwezi uno wathera pa tebulo, ndipo ndi pomwe pali mtima wa kabuku konse.

Chitsime chachikulu ndi mtanthauziramawu wofananitsa ziyankhulo za banjali amene anakonzedwa motsogozedwa ndi Vera Cincius n'kusindikizidwa ku Leningrad m'mabuku awiri mu 1975 ndi 1977. Mawu a Chimanchu ndikuwatsimikiza mu mtanthauziramawu wa Jerry Norman wa 2013. Cincius anamangidwa mu 1937 pa nthawi ya Stalin, ndipo Glafira Vasilevich, mwini mtanthauziramawu wa Chievenki wa 1958, anamangidwa mu 1952. Onse awiri atatuluka anabwerera ku ntchito yomweyo. Ndawalembera ndime imodzi m'mawu oyamba, chifukwa tsamba lililonse la tebulo langa laima pa thukuta lawo.

Mizere ya tebulo ndaisanja motere: Chimanchu kumanzere, Chinanai pakati, Chievenki kumanja. Chinanai chili pakati mwadala. Mukaika Chimanchu ndi Chievenki mogundizana, mawu ambiri amaoneka ngati alendo okhaokha, koma mukalowetsa Chinanai pakati chibale chimaonekera poyera. Ndayambira pa manambala chifukwa sachedwa kukhutiritsa wowerenga:

Chimanchu: emu, juwe, ilan, duin, sunja, ninggun, nadan, jakūn, uyun, juwan
Chinanai: emun, juer, ilan, duin, toinga, nyungun, nadan, japkun, xuyun, joan
Chievenki: umun, jur, ilan, digin, tunng'a, nyung'un, nadan, japkun, yegin, jan

Zitatu ndi zisanu n'ziwiri, ilan ndi nadan, n'zofanana ndendende m'ziyankhulo zonse zitatu. Koma kufanana kotere sikuphunzitsa zambiri. Chomwe ndikufuna wowerenga aone ndi kusiyana kobwerezabwereza kotsata lamulo, chifukwa umboni weniweni wa chibale ndi umenewo.

Lamulo loyamba: pomwe Chinanai chili ndi p kumayambiriro kwa mawu, Chimanchu chili ndi f, Chievenki chili ndi h. Mlomo ndi pemun, femen, hemun. Chikhatho ndi paing'a, falanggū, hanng'a. Akatswiri amagwirizana kuti liwu lakale linali p, ndipo pano tili ndi mwayi womwe mabanja ambiri a ziyankhulo alibe: zolembedwa za Chijurchen za nthawi ya Jin zikuonetsa p, pomwe za nthawi ya Ming zikuonetsa f. Kusinthako tikukuona kukuchitika papepala.

Lamulo lachiwiri: Chinanai chinasunga liwu lapakhosi kumayambiriro kwa mawu, limene ndikulilemba x, pomwe enawo analitaya. Mphepo ndi xedun m'Chinanai, edun m'Chimanchu, edin m'Chievenki. Zisanu n'zinayi ndi xuyun, uyun, yegin.

Lamulo lachitatu: g wa pakati pa mavawelo awiri anatsala m'Chievenki koma anafewa kapena kusoweratu m'ziwiri zinazo. Moto ndi togo m'Chievenki, tawa m'Chinanai, tuwa m'Chimanchu. Nyengo yozizira ndi tuge, tue, tuweri. Nyengo yotentha ndi juga, joa, juwari.

Pali chinanso chobisika m'mawu a mphepo ndi a zinayi. Edun ndi xedun ali ndi u pomwe edin ali ndi i. Duin ali ndi u pomwe digin ali ndi i. Kusiyana kumeneku n'kumodzi mwa zimene zimagawa banjali pawiri, nthambi ya kumpoto ndi ya kumwera. Chiudege, choyankhulidwa m'mapiri a Sikhote-Alin, chili kumwera kwenikweni pamapu, moyandikana ndi Chinanai, koma mphepo amati edi, ndi i ngati Chievenki. N'chifukwa chake akatswiri monga Juha Janhunen amachiika ku nthambi ya kumpoto. Ndikufuna ophunzira agwire bwino mfundoyi: kuyandikana kwa midzi si kuyandikana kwa ziyankhulo.

M'kabukumu nditsata kagawidwe ka Ikegami Jirō ka 1974, ka magulu anayi. Gulu loyamba ndi Chievenki, Chieven, Chinegidal, Chisolon ndi Chioroqen. Lachiwiri ndi Chiudege ndi Chioroch. Lachitatu ndi Chinanai, Chiulcha ndi Chiuilta. Lachinayi ndi Chijurchen, Chimanchu ndi Chixibe. Pa magulu anayiwa anthu satsutsana kwenikweni. Mkangano uli pa mmene maguluwo amalumikizirana pamwamba: ena amati gulu la Chimanchu linayamba kupatuka n'kusiya ena onse, ena amati ndi mbale wapafupi wa gulu la Chinanai. Ine ndikupendekera ku lachiwirili chifukwa cha maliwu omwe ndaonetsa pamwambapa, ndipo ndalemba poyera kuti uku n'kupendekera kwanga.

Pa kalembedwe ndasankha motere. Chimanchu ndikuchilemba m'njira ya Paul Georg von Möllendorff ya 1892, popeza ndi yomwe wowerenga adzaipeze m'mabuku ena onse. Ndaika chenjezo lakuti ng wa m'njirayi ndi ng' wathu, ndipo ngg ndiye ng wathu, kotero ninggun amatchulidwa ngati ningun. Pa Chinanai ndi Chievenki, zomwe eni ake amalemba ndi zilembo za Chirasha, ndatsata katchulidwe kathu ka ng' ndi ny.

Malichi

Mutu wa galamala wafika theka. Ndi pano pomwe zikuonekera kuti Chimanchu, chodziwika kwambiri m'banjali komanso cholembedwa kwambiri, ndi chomwenso chimasiyana kwambiri ndi abale ake. Munthu wophunzira Chimanchu chokha n'kumaganiza kuti walidziwa banja la Tungus, ndiye kuti wasokera.

Zofanana zilipo ndithu. Onse amaika mneni kumapeto kwa chiganizo: bi bithe be hūlambi, liwu ndi liwu, ndi ine buku ndiwerenga, ndipo be akusonyeza pamtherankhani. Onse amaphatika tizidutswa kumapeto kwa tsinde, osati kumayambiriro monga timachitira ife. Onse ali ndi lamulo lakuti mavawelo a mawu amodzi azigwirizana. M'Chimanchu nthawi yakale imakhala -ha, -he kapena -ho molingana ndi vawelo ya tsinde: araha analemba, genehe anapita, toktoho anakhazikika. Chimanchu chimagwiritsanso mavawelowa posiyanitsa mwamuna ndi mkazi: ama bambo, eme mayi, haha mwamuna, hehe mkazi, amila mbalame yaimuna, emile yaikazi.

Tsono kusiyana. M'Chievenki mneni amasonyeza yekha mwininkhani. Tsinde la kubwera ndi eme-: emem ndabwera, emenni wabwera iwe, emeren wabwera iye, emeres mwabwera. Wowerenga Chichewa sadabwa nazo, chifukwa mneni wathu amachita zomwezo, kungoti kumayambiriro. Chimanchu chilibe zimenezi n'komwe: bi jihe, si jihe, i jihe, mneni sasintha ngakhale pang'ono, ndipo mlowam'malo ndi amene asenza katundu yense. Chimodzimodzi pa umwini. Chievenki chimati juw nyumba yanga, jus nyumba yako, jun nyumba yake. Chimanchu chimati mini boo, sini boo, ini boo. Tizidutswa tosonyeza ntchito ya dzina m'chiganizo, monga kwa, mu, kuchokera ku, tili tisanu m'Chimanchu: i, be, de, ci, deri. M'Chievenki timapitirira 10.

Funso lomwe aliyense amafunsa n'lakuti, kodi chinaphweka chonchi chifukwa chokhalitsa pakati pa Atchaina? Yankho lofulumirali ndalikana m'kabukumu. Zolembedwa zakale za boma la Nurhaci ndi Hong Taiji, zofotokoza zaka za 1607 mpaka 1636, zomwe tsopano zimasungidwa ku National Palace Museum ku Taipei, zinalembedwa Amanchu asanalowe mu Beijing, ndipo mneni wa mmenemo alibe kale tizidutswa ta mwininkhani. Ngati ziyankhulo zoyandikana nazo zinathandizira, ndiye kuti zinali zaka mazana angapo m'mbuyo, pomwe Ajurchen ankakhala pakati pa Akhitan, Amongoli, Akoreya ndi Atchaina. Aliponso akatswiri amene amati mwina Chimanchu sichinataye zonsezo, koma kuti zina mwa izo abale ake anazipanga pambuyo pake kuchokera ku alowam'malo omwe anamatirira ku mneni. Mukayang'ana -s wa emeres ndi su, inu, mfundo yawo imamveka. Ndapereka mbali zonse ziwiri.

Chinthu chimodzi chomwe Chimanchu ndi Chievenki zimagawana, koma Chinanai chilibe, ndi ife wapawiri. Be ndi ife popanda amene ndikuyankhula naye. Muse ndi ife pamodzi ndi iweyo. Chievenki chimati bu ndi mit. Mphunzitsi wina wa Chichewa amene amandiwerengera mitu ikatha anati ndimeyi inali yosamveka, ndiye ndaikamo chitsanzo: nthumwi ya mfumu ikauza adani kuti ife sitibwerera, imati be, mkulu wa asilikali akauza anyamata ake kuti ife tinyamuka mawa, amati muse.

Epulo

Kusindikiza zilembo. Chimanchu chimalembedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi, mizere n'kumayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo chilembo chimasintha maonekedwe chikakhala koyambirira, pakati kapena kumapeto kwa mawu. Mu Unicode zilembozi zili m'chigawo cha Chimongoli, choyambira pa U+1800, pamodzi ndi za Chixibe. Pulogalamu yomwe ndimalembera imagoneka mawuwo chammbali, ndipo nthawi zina imasankha maonekedwe olakwika a chilembo cha pakati. Ndaganiza zoti zitsanzo zonse za zilembo zikhale pa masamba awiri okha, ndizikonze padera ngati zithunzi, ndipo mawu aliwonse ndiwayerekeze ndi mtanthauziramawu wosindikizidwa ndisanawavomereze. Pa tsamba loyamba padzakhala mawu amodzimodzi olembedwa kawiri, popanda madontho monga mu 1599 ndi okhala ndi madontho monga mu 1632, kuti wowerenga adzionere yekha vuto lomwe Dahai anathetsa. Pansi pake padzakhala mzera wa makolo a zilembozi: Chiaramu, Chisogdia, Chiuyghur, Chimongoli, Chimanchu.

Meyi

Mutu wachinayi ndi wa mmene chiyankhulochi chinazilalira, ndipo wandilemera kuulemba.

Poyamba ndaonetsa kukula kwake. Pangano la ku Nerchinsk la 1689, loyamba pakati pa Qing ndi Russia, linalembedwa m'Chilatini, Chimanchu ndi Chirasha, ndipo ansembe a Chijezwiti, Jean-François Gerbillon ndi Tomás Pereira, ndi amene ankamasulira. Mu 1708 mfumu yaikulu Kangxi inatulutsa mtanthauziramawu wofotokoza Chimanchu m'Chimanchu chokhachokha. Chakumapeto kwa ulamuliro wa Qianlong kunakonzedwa wina wa ziyankhulo zisanu, Chimanchu, Chitibeti, Chimongoli, Chichagatai ndi Chitchaina, wokhala ndi mawu oposa 18,000. Azungu oyamba kuphunzira za China ankachikonda Chimanchu chifukwa chinali ndi zilembo zochepa ndi galamala yogwirika, ndipo mabuku akale a Chitchaina ambiri anali atamasuliridwa kale m'chiyankhulochi. Mtanthauziramawu wa Joseph-Marie Amiot unasindikizidwa ku Paris mu 1789 ndi 1790, wa Ivan Zakharov ku St Petersburg mu 1875.

Pa nthawi yomweyo m'nyumba za Amanchu chinali chikutha. Asilikali a Mbendera Zisanu ndi Zitatu, jakūn gūsa, magulu omwe Amanchu anagawidwamo, anawamwaza ndi mabanja awo m'malinga a m'mizinda monga Xi'an, Hangzhou, Nanjing ndi Guangzhou, timagulu tating'ono pakati pa anthu miyandamiyanda oyankhula Chitchaina. Antchito a pakhomo, amalonda, olera ana, onse ankayankhula Chitchaina. Qianlong anaona zimenezi ndipo ankakalipira akuluakulu a boma amene ankalephera kumuyankha m'Chimanchu. Mu 1752 anaimika miyala yolembedwa yolamula anthu ake kusunga chiyankhulo, kukwera hatchi ndi kuponya mivi. Lamulo linasunga Chimanchu m'maofesi ndi pa zikwangwani za nyumba yachifumu, koma silinafike kukhitchini. Puyi, mfumu yotsiriza, analemba m'mbiri ya moyo wake kuti pa maphunziro ake onse a Chimanchu anagwirapo liwu limodzi lokha, ili, lomwe ankauzira nduna zogwada kuti zidzuke. Kumudzi kwenikweni, kumpoto chakum'mawa, chinalimbako mpaka boma litatsegula dzikolo kwa alimi ochokera ku Shandong ndi Hebei kuyambira cha m'ma 1860. Ufumu utagwa, Amanchu ambiri anabisa mtundu wawo n'kutenga mayina a Chitchaina, makamaka ataona kuphedwa kwa anzawo ku Xi'an mu 1911.

Owerenga a kuno sadzasowa pofanizira. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, anagonjetsa anthu ambiri, anakwatira pakati pawo, ndipo lero adzukulu awo ku Mzimba amayankhula Chitumbuka, a kwa Gomani ku Ntcheu, omwe makolo awo anabwera pa ulendo wina, amayankhula Chichewa, pomwe Chingoni chatsala kwambiri m'nyimbo za ingoma ndi m'mayina otamandira mafumu. Wogonjetsa akakhala wochepa, ana ake amayamwa chiyankhulo cha amene anawalera. Fanizoli ndaliika m'ndime imodzi yokha, ndipo ndanena pomwe likuthera: Amanchu anali ndi boma lolemba, ndipo anasiya mapepala ochuluka kotero kuti ku First Historical Archives ku Beijing kokha kuli zikalata za m'Chimanchu pafupifupi 2 miliyoni. Kwa zaka zambiri olemba mbiri ankaganiza kuti zikalatazi n'zongomasulira za Chitchaina, mpaka akatswiri monga Beatrice Bartlett ndi Mark Elliott anaonetsa kuti nkhani zambiri za nkhondo, za m'malire ndi za banja lachifumu zinalembedwa m'Chimanchu chokha.

Pa kalembera wa 2010 ku China anthu oposa 10 miliyoni analembetsa kuti ndi Amanchu. Oyamwira chiyankhulochi kubere anatsala okalamba owerengeka, makamaka m'mudzi wa Sanjiazi, Ilan Boo m'Chimanchu, m'boma la Fuyu pafupi ndi Qiqihar, ndi m'midzi ina ya kufupi ndi Heihe m'mbali mwa Amur. Ku Sanjiazi sukulu ya pulayimale inayamba kuphunzitsa ana Chimanchu, ku Heilongjiang University kuli malo ofufuzira chiyankhulochi, ndipo m'mizinda muli achinyamata ochiphunzira mwa kufuna kwawo. Ndalemba za iwowa mwaulemu, popanda kukokomeza kuti chadzuka.

Juni

Chixibe ndachichotsa m'mutu wachinayi n'kuchipatsa mutu wakewake, chifukwa si bwino kuika chiyankhulo chamoyo m'mutu wa maliro.

Axibe ankakhala m'mbali mwa mtsinje wa Nen pansi pa Amongoli a Khorchin mpaka 1692, pomwe Kangxi anawalowetsa m'mbendera za Amanchu. Qianlong atagonjetsa Adzungar, Amongoli a kumadzulo, anafuna asilikali okalondera chigwa cha Ili ku Xinjiang. Mu 1764 asilikali a Chixibe pafupifupi 1,000 ananyamuka ku Mukden, komwe lero ndi Shenyang, ndi akazi awo, ana, ngolo ndi ng'ombe. Anadutsa Mongolia yense ndipo anakafika ku Ili mu 1765. Mpaka lero adzukulu awo amakumbukira tsiku lotsanzikana, la 18 la mwezi wachinayi pa kalendala yoyendera mwezi. Kumeneko anakhazikika m'midzi isanu ndi itatu yokhala ndi malinga kumwera kwa mtsinje wa Ili, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 anakumba ngalande yaikulu yothirira minda. Dzina la ngalandeyo, Qapqal, ndi lomwe boma lawo lodzilamulira linatenga mu 1954.

Kutalikirana kumene kunawapweteka mtima ndi komwe kunasunga chiyankhulo. Anansi awo anali Akazakh, Auyghur, Amongoli ndi Arasha, palibe gulu limodzi lomwe linawameza, ndipo Axibe anatchuka ndi kudziwa ziyankhulo zambiri. Abale awo otsala ku Liaoning, omwe ndi ambiri pa Axibe 190,000 a pa kalembera wa 2010, anasinthira ku Chitchaina. Ku Qapqal ndi madera oyandikana nako oyankhula Chixibe amawerengedwa pafupifupi 30,000. Mu 1947 anakonzanso zilembo za Chimanchu pang'ono kuti zigwirizane ndi zosowa zawo, ndipo nyuzipepala ya Cabcal Serkin imasindikizidwa m'zilembo zimenezi. Axibe ophunzira ndi ambiri mwa anthu amene akhala akusanja ndi kumasulira zikalata za ku Beijing zija.

Kodi Chixibe ndi Chimanchu, kapena chiyankhulo china? Cholembedwa n'chofanana kwambiri ndi Chimanchu cha m'mabuku, kungowonjeza mawu atsopano. Choyankhulidwa chinatalikirako: mavawelo a kumapeto amamezedwa, mawu amafupika, moti niyalma, munthu, amamveka nan. Koma Chimanchu choyankhulidwa ku Sanjiazi nachonso chinatalikirana ndi cha m'mabuku m'njira zofananako. Pa galamala ndi mawu, ndi chiyankhulo chimodzi chokhala ndi nthambi. Pa mtundu, boma la China limawerenga Axibe ngati mtundu paokha, ndipo eni ake amachitcha sibe gisun. M'kabukumu ndikuchitcha Chixibe nthawi zonse, monga eni ake afunira, ndipo m'tebulo ndachipatsa mzere woyandikana ndi Chimanchu. Nachonso chikuchepa mphamvu pakati pa ana, popeza sukulu zimaphunzitsa m'Chitchaina.

Julayi

Ndime ya mawu obwereka yatha. Ndachotsa m'tebulo lalikulu mawu onse omwe akufanana ndi Chimongoli mokayikitsa n'kuwaika patsamba lawo: morin hatchi, orin 20, gūsin 30, dehi 40, minggan 1,000. Pakati pa izi pali kachinthu kokoma. Chijurchen chinali ndi mawu apadera a manambala 11 mpaka 19, obwereka ku chiyankhulo china chapachibale ndi Chimongoli. Chimanchu chinawataya n'kumanena khumi ndi chimodzi, juwan emu, koma ena anapulumuka, monga awa: tofohon 15, omšon m'dzina la mwezi wa 11, ndi jorgon m'dzina la mwezi wa 12.

Izi zikutifikitsa pa nkhani ya Altai, yakuti ziyankhulo za Tungus, za Chimongoli ndi za Chiturk, mwinanso Chikoreya ndi Chijapani, zinachokera kwa kholo limodzi. Gustaf Ramstedt ndi Nicholas Poppe anaimanga. Gerard Clauson mu 1956 ndi Gerhard Doerfer pambuyo pake anaigwedeza, ponena kuti zofananazo n'zobwerekana. Alexander Vovin, amene poyamba ankaivomereza, anaikana mu 2005, ndipo Martine Robbeets ndi anzake anaiukitsanso mu 2021 ndi dzina lina. Ndaipatsa masamba awiri okha. Ndangopempha wowerenga kuti ayerekeze ilan, duin, nadan ndi Chimongoli gurban, dörben, doloon, kenako abwerere ku tebulo la Febuluwale aone kusiyana kwa mphamvu ya umboni.

Ogasiti

Mapu ndayamba kujambula. Ndikugwiritsa madontho a midzi, osati kupaka utoto dera lonse, chifukwa utoto ungapangitse wowerenga kuganiza kuti theka la Siberia limayankhula Chievenki, pomwe pa kalembera wa ku Russia wa 2010 ochiyankhula sanafike 5,000. Pa kalembera yemweyo Chinegidal cha ku mtsinje wa Amgun chinali ndi anthu 74, Chiuilta cha ku Sakhalin 47, Chioroch cha ku mtsinje wa Tumnin 8. Ndikufuna manambalawa akhale pamapu penipeni, pambali pa dontho lililonse. Malire a China ndi Russia ndiwajambula ndi mzere wodukaduka, n'kulembapo 1858 ndi 1860, zaka za mapangano a Aigun ndi Beijing, chifukwa ndi omwe anagawa anthu amodzi kukhala Ananai tsidya la Russia la Amur ndi Ussuri, Ahezhe tsidya la China. Kadontho kena kadzakhala ku Abashiri pa chilumba cha Hokkaido, komwe mabanja ena a Auilta anasamukira nkhondo itatha mu 1945, ndipo muvi wautali udzachokera ku Shenyang kukathera ku Qapqal.

Zotsala ndi izi. Tebulo likufunika mzere wa Chieven ndi wa Chiudege kuti magulu onse anayi a Ikegami aimiridwe mokwanira. Mavawelo aatali a Chievenki ndi Chinanai, omwe m'zolemba izi sindikuwasonyeza, ayenera kulembedwa ndi kamzere pamwamba, ndipo tsamba la katchulidwe lifotokoze kuti kamzere ka ū wa Chimanchu sikasonyeza kutalika koma vawelo ina. Theka lachiwiri la mutu wa galamala, la aneni olumikiza ziganizo a -me ndi -fi, silinayambike. Ndikufunanso kandime kafupi ka Chimanchu chenicheni, kochokera m'zolembedwa za nthawi ya Nurhaci, komasuliridwa liwu ndi liwu m'Chichewa, kuti ophunzira ayesere okha. Mwezi wa mawa ndiyamba ndi mzere wa Chiudege, kenako ndidzatumiza mutu wachiwiri ndi wachitatu kwa aphunzitsi awiri a ku sekondale kuti akauyese m'kalasi.